Za Malamulo a Ayuda, ndi Mkangano wa pa Gombe la Chintheche

Ali yense wa ife amene anakulira pa gombe lino adziwa chimene chichitika m'mawa pamene asodzi akocheza mabwato ao. Nsomba zithiridwa pamchenga, akazi asonkhana ndi madengu ao, ndipo pakati pao pali ena amene atola usipa, utaka ndi chambo, koma kampango ndi mlamba sazikhudza, angakhale mwini bwato awapatse kwaulere. Mukawafunsa adzakuuzani kuti nsombazo zilibe mamba, ndi kuti Mose analetsa. Sanama ai, pakuti m'buku la Levitiko, mutu 11, za m'madzi zololedwa kwa ana a Israyeli ndizo za zipsepse ndi mamba zokha. Mutu womwewo ulola dzombe, nukana mbewa. Ndipo nkhungu zija zituluka m'nyanja ngati utsi, zimene amai athu aziumba nazipanga ndiwo, nazonso zitsala kunja kwa mpanda.

Sunagoge wa Ayuda pa gombe pano palibe, koma funso la Ayuda lilipo, ndipo lakhala nafe zaka zoposa 100. Funsolo ndi ili: kodi munthu asunge lamulo chifukwa wazindikira phindu lache, kapena chifukwa cha Iye amene analamulira? Lagawa abale pa mbale ya ndiwo, laimitsa maukwati, ndipo ife abusa tayankha kawirikawiri ndi mkwiyo m'malo mwa chidziwitso. Tsono tiyambe ndi njira imene linadzera.

Mishoni ya Livingstonia inasamuka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe m'chaka cha 1881, Dr Robert Laws ali mtsogoleri wache. Aphunzitsi a ku Scotland aja anali anthu oopa tsiku la Mulungu koposa. Analitcha Sabata, naphunzitsa makolo athu lamulo lachinai monga lamulo la tsiku limenelo. Wotsutsa panalibe, pakuti ngakhale mawerengedwe athu a masiku anavomereza: tiyamba ndi Lolemba, tifika Lachisanu, kenaka Loweruka, ndipo tsiku lopembedza ligwa lachisanu ndi chiwiri. Koma mawerengedwe amenewo ndi a anthu olembedwa ntchito, si a Mose ai. Kwa Ayuda tsiku limene ife tipembedza ndilo loyamba, ndipo Sabata lao liyamba polowa dzuwa Lachisanu kufikira madzulo a Loweruka.

Amene anatsegula nkhaniyi ndiye Joseph Booth, Mzungu amene anafika m'dziko muno mu 1892. Iye analowa mpingo wa Seventh Day Baptist ku America mu 1898, nabwera kudzamanga mishoni ya Plainfield ku Thyolo. Malowo anapita m'manja mwa a Seventh-day Adventist mu 1902, ndipo pambuyo pache anatchedwa Malamulo. Dzinalo palokha ndi ulaliki. Elliot Kenan Kamwana, mwana wa dziko lino la Atonga, amene anaphunzira ku Bandawe ndi ku Khondowe, anakakhala ndi Booth ku Cape Town, nabwera kuno mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower cha Charles Taze Russell. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000, ambiri a iwo otopa ndi kudikira zaka m'makalasi a mishoni. Boma linamchotsa mu 1909, ndipo nkhosa zotsala zinayamba kulandira makalata ndi timabuku kuchokera mbali ziwiri. Russell sanaphunzitsa kusunga Loweruka. Booth analekana naye, nabwerera kwa a Seventh Day Baptist mu 1910, nalembera atsogoleri a kuno kuti asunge tsiku lachisanu ndi chiwiri. Mipingo ya m'midzi inang'ambika pakati. Charles Domingo, amene anatsiriza maphunziro a ubusa ku Khondowe koma sanadzozedwa, anatsogolera osunga Sabata kumtunda ku Mzimba. A Watch Tower anatuma William Johnston kudzaona mu 1910, a Seventh Day Baptist natuma N. O. Moore ndi W. D. Wilcox mu 1912. Za nsomba zopanda mamba zinafala pambuyo, makamaka ndi chiphunzitso cha a Adventist.

Pa mkangano wonsewo ali yense anali nao mavesi ache. Chimene analibe, ndi chimene ife tomwe sitinachifuna, ndicho mbiri ya eni malamulowo. Ayuda anakhala nalo funsoli zaka mazanamazana ife tisanalimve, ndipo sanaliopa.

Aphunzitsi ao anawerenga malamulo a m'mabuku asanu a Mose napeza 613. M'Talmud, ndilo buku lalikulu la miyambo ndi zokambirana zao, chiwerengerocho chitchulidwa m'dzina la Rabi Simlai: oletsa 365 monga masiku a chaka, olamulira kuchita 248 monga ziwalo za thupi la munthu. Ndipo anawagawa pawiri, potsata mau awiri a Chihebri. Ena ndiwo mishpatim, amene Buku Lopatulika lathu liwatcha maweruzo: za kupha, kuba, chigololo ndi zotero, zimene nzeru ya munthu ikadazifuna ngakhale zikadapanda kulembedwa. Makolo athu anadziwa kuipa kwa kukhetsa mwazi belu la ku Bandawe lisanalire. Ena ndiwo hukim, kapena malemba: kusadya nkhumba, kusavala nsaru ya ubweya wosanganiza ndi bafuta, mbuzi yopitikitsidwa kuchipululu. Amenewa ndiwo amene amitundu anawaseka. Ifenso sitili alendo pa zotere, pakuti tinakula ndi zosala zimene mwana sanauzidwa chifukwa chache.

Lemba lobvuta koposa onse kwa iwo linali la ng'ombe yamsoti yofiira ya m'Numeri 19, imene phulusa lache liyeretsa wokhudza mtembo, koma lidetsa wolikonza. Pali nkhani ya Rabi Yohanan ben Zakkai, amene anasonkhanitsa ophunzira ku Yavneh Aroma atapasula Kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 70. Munthu wamitundu anadza kwa iye namuuza kuti mwambowo ufanana ndi matsenga. Rabiyo anamfunsa chimene iwo achita ndi munthu wogwidwa ndi mzimu. Ndipo uja anafotokoza za kufukiza mizu ndi kuwaza madzi, monga asing'anga athu achita. Rabi anamuuza kuti phulusalo lichita chomwecho, mlendo napita wokhutira. Koma ophunzira sanakhutira. Anauza mphunzitsi wao kuti mlendoyo wamkankha ndi bango chabe, nafunsa chimene adzawayankha iwo. Pamenepo anawauza zoona zache: kuti mtembo ulibe mphamvu yakudetsa mwa iwo wokha, madzinso alibe mphamvu yakuyeretsa, chili chonse chaima pa kulamula kwa Mfumu ya mafumu. Taonani, abale, munthuyu sanakana kuganiza. Nzeru yache ndiyo inachotsa matsenga m'phulusa muja, nisiya kumvera kokha.

Anakondanso kukumbutsa kuti pa phiri la Sinai, m'Eksodo 24, anthu analonjeza kuchita asanatchule kumva. Ndipo anafunsana chifukwa chache Mulungu anabisa zifukwa za malamulo ambiri. Yankho lao linali Solomo. M'Deuteronomo 17 mfumu iletsedwa kuchulukitsa akazi ndi akavalo, ndipo pamenepo chifukwa chanenedwa: kuti mtima ungapatuke, ndi kuti anthu angabwerere ku Aigupto. Wanzeru uja anaona chifukwacho, nati iye adzachulukitsa koma sadzapatuka, ndipo anapatuka. Ngati wanzeru woposa onse anagwa pa malamulo awiri ofotokozedwa, nanga akadafotokozedwa onse?

Koma mbali yinayo inali nao anthu ache akulu. Saadia Gaon, wobadwira ku Aigupto mu 882, mkulu wa sukulu ya ku Sura m'Babulo, analemba m'Chiarabu mu 933 buku la zikhulupiriro ndi maganizo. Iye anasiyanitsa malamulo a nzeru ndi malamulo akumva, natinso ngakhale akumvawo sali opanda phindu: Sabata lipatsa munthu mpumulo, nthawi yakuphunzira ndi yakukomana ndi anzache. Wopambana onse ndiye Maimonides, wobadwira ku Cordoba m'dziko la Spain, amene anakhala sing'anga wa pa bwalo la mfumu ku Aigupto, namwalira mu 1204. M'buku lache lotsogolera othedwa nzeru, lolembedwa pafupi ndi 1190, anaphunzitsa kuti palibe lamulo lopanda chifukwa. Lili lonse lifuna kukonza maganizo a munthu, kapena makhalidwe ache, kapena chilungamo pakati pa anthu. Anadzudzula iwo akuyesa kuti lamulo likhala la Mulungu koposa likakhala lopanda tanthauzo, nati imeneyo ndi nthenda ya mtima. Umboni wache unali Deuteronomo 4, pamene amitundu adzatcha Israyeli mtundu wanzeru pakumva malemba ache. Angatero bwanji ngati malembawo alibe nzeru? Nsaru yosanganiza anati inaletsedwa chifukwa inali chovala cha ansembe a mafano. Nkhumba, chifukwa cha uve wache.

Komatu Maimonides yemweyo anaika malire. Anati nsembe ili nacho chifukwa, koma wofunsa chifukwa chache pano pafunika mwana wa nkhosa ndi apo nkhosa yamphongo, kapena chifukwa chache zikhale zisanu ndi ziwiri osati zisanu ndi zitatu, adzisautsa chabe, pakuti chiwerengero china chinayenera kusankhidwa ndithu. Anatinso munthu asinkhesinkhe monga mwa mphamvu yache, koma lamulo limene sanalipezera chifukwa lisapepuke m'maso mwache. Ngakhale anachenjera chotero, arabi ena a ku Montpellier m'dziko la France analetsa mabuku ache mu 1232, ndipo pambuyo pache anatenthedwa. Mantha ao anali a Solomo aja: wopeza chifukwa adzati chifukwacho chinatha, ansembe a mafano kulibenso, tsono ndivale chimene ndifuna.

Pa za zakudya amene anamtsutsa bwino ndiye Isaac Abravanel, mmodzi wa Ayuda opitikitsidwa ku Spain mu 1492. Iye anakana kuti nyama zinaletsedwa chifukwa cha thanzi la thupi. Anati amitundu adya nkhumba nakhala amphamvu. Ndipo kukadakhala choncho, Chilamulo chikadasanduka kabuku kakang'ono ka mankhwala, ndiponso chikadatchula zitsamba zakupha, zimene sichizitchula. Kale lomwe Rabi Eleazar ben Azariah anali ataphunzitsa kuti Myuda asanene kuti nkhumba imnyansa. Avomere kuti akadaidya, koma Atate wache wa kumwamba anamletsa.

Tsono tibwerere pamchenga paja. Abale athu osadya kampango atiuza kawirikawiri kuti nsombayo idya zonyansa za pansi pa nyanja ndipo idwalitsa. Tinena mwachikondi kuti pamenepo aima pa bango la Yohanan. Kampango asaka nsomba zinzache usiku. Ndipo nkhuku, imene tonse tidya popanda mlandu, kodi isankha chimene ijompha kuseri kwa nyumba? Makolo athu anakalamba akudya mlamba. Mwana wao akapita ku sukulu nakaona kuti chifukwacho sichigwira, adzataya lamulo pamodzi ndi chifukwa, kapenanso ndi Mulungu yemwe. Akadanena kuti asala chifukwa akhulupirira kuti Mulungu anawalamula, tikadatsutsana nao pa Malembo, koma sitikadawagwetsa ndi nkhuku.

Ife sitisala nsombazo, ndipo chifukwa chathu si kuti tazipeza zopanda nthenda. Msonkhano wa atumwi ku Yerusalemu, m'Machitidwe 15, sunaika goli la Chilamulo chonse pa okhulupira amitundu. Ndipo arabi eni ache sanafuna kuti amitundu asunge malamulo 613 aja, koma asanu ndi awiri okha amene awatcha a ana a Nowa. Koma asaseke munthu wa ife. Tili nao malemba athu. Ndani wa ife angafotokoze kufikira pansi chifukwa chache madzi mu ubatizo, kapena mkate ndi chikho pa mgonero? Tinayamba kuchita, ndipo tilikumvabe pang'ono pang'ono. Ndiyo njira ya pa Sinai.

Chotipweteka mtima koposa ndi Sabata, pakuti ilo ndi lamulo limene chifukwa chache chinalembedwa poyera, kawiri. Eksodo 20 aliika pa chilengedwe. Deuteronomo 5 aliika pa ukapolo wa ku Aigupto, kuti wantchito wamwamuna ndi wamkazi apumule monga mbuye wao. Amuna a kuno amene anatuluka kukafuna ndalama ya msonkho ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku Southern Rhodesia anadziwa Aigupto ndi misana yao. Sitizizwa kuti chiphunzitso cha tsiku lakupumula chinawagwira mtima. Koma m'zaka za 1910 kufikira 1912 mphamvu yonse inathera pa funso lakuti tsikulo ndi liti, ndipo ife adzukulu ao, a Loweruka ndi a tsiku loyamba, talowa chokolo mkangano womwewo. Pamene chifukwa chinabisika, pa mamba a nsomba, tachipeka tokha. Pamene chinalembedwa, pa mpumulo wa wantchito, tachidumpha. Nyali za mabwato a usipa zioneka pa nyanja usiku wa Lachisanu ndi usiku wa Loweruka chimodzimodzi, anyamata a ganyu alikukoka chilimira kufikira mbandakucha. Ndipo ena a mabwatowo eni ache tiwadziwa, pakuti akhala pa mipando ya patsogolo m'machalichi onse awiri.