Mfuti Pakhomo la Munthu Wopanda Chida

Chaka ndi chaka pa 3 Malichi Amalawi timapuma pa ntchito kuti tikumbukire abale athu amene anafera dziko lino. Timatchula za Nkhata Bay, timatchula za Chilembwe, ndipo atsogoleri amayala nkhata za maluwa. Koma pali mbali ina ya tsikuli imene sitiikamba kawirikawiri. Tsiku limeneli linayamba ndi kugogoda pa zitseko m'bandakucha, anthu ali m'tulo, ndipo chitseko chimodzi mwa zoyambirira kugogodedwa chinali ku Limbe konkuno. Funso limene ndikufuna kulilondola m'mbiri yathu ndi ili: kodi boma likafuna kufunsa munthu za mawu amene wayankhula, za mapepala amene wasunga kapena za msonkho umene sanapereke, liyenera kumupitira ndi mfuti?

Tiyambe ndi 1959. Nthawi imeneyo dziko lino linali m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinakhazikitsidwa mu 1953 eni dziko asakufuna. Dr Hastings Kamuzu Banda anali atabwerera kumudzi mu Julayi 1958, ndipo chipani cha Nyasaland African Congress chinali chitafalikira m'maboma onse. Pa 25 Januwale 1959 atsogoleri a chipanichi anachita msonkhano wapatchire kufupi ndi Blantyre. Akazitape a polisi anakauza akuluakulu awo kuti pa msonkhanowo anthu anapangana zopha azungu, amwenye ndi Amalawi ogwirizana ndi boma. Mu Febuluwale kunabukadi zipolowe m'madera ena, makamaka ku Karonga ndi ku Fort Hill kumene lero timati Chitipa. Nduna yaikulu ya chitaganya, Roy Welensky, inatumiza asilikali kuchokera ku Southern Rhodesia, ndipo bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Ntchito yomanga atsogoleri anaitcha Operation Sunrise, kutanthauza kutuluka kwa dzuwa, ngakhale kuti inachitika kukadali mdima.

Zimene zinachitika kunyumba kwa Dr Banda ku Limbe zinalembedwa bwino. Apolisi ndi asilikali anazinga nyumbayo m'magulumagulu ngati akukathira nkhondo linga la adani. Anyamata amene ankagona panja pomulondera anathawa, n'kusiya zida zawo: mauta, malegeni, zibonga ndi mipeni yowerengeka. Omangawo analimbana ndi chitseko ndi nkhwangwa, chonsecho chitsekocho chinali chosakiya. Anamupeza dotoloyo ali m'zovala zogonera, munthu wamkulu wa zaka za m'ma 60, ndipo anamutengera ku bwalo la ndege la Chileka, kenako kundende ya Gwelo kumene masiku ano kumatchedwa Gweru. Ena anawatumiza ku Khami pafupi ndi Bulawayo, ndipo ambiri anawatsekera ku Kanjedza, pakati pa Limbe ndi Chichiri. Ine ndimadutsa pa Kanjedza m'mawa uliwonse pa minibasi popita kuntchito, ndipo mwa anthu amene ndimakhala nawo pa mpando ndi ochepa amene amadziwa kuti dzina limene kondakitala akuitanirali linali la ndende ya agogo awo.

Mapeto ake tonse tikuwadziwa. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo anthu 51 anaphedwa malinga ndi kuwerenga kwa boma. Ku Nkhata Bay, kumene khamu linasonkhana kuti liwombole akaidi amene anali m'sitima ya Mpasa, asilikali a ku Rhodesia anapha anthu 20 tsiku limodzi, ndipo eni dera amati anali oposa pamenepo.

Boma la Britain linatumiza woweruza Patrick Devlin kuti adzafufuze. Lipoti lake la mu Julayi 1959 linavomereza kuti bwanamkubwa anali ndi zifukwa zolengezera ngozi, pakuti zipolowe zinalipodi ndipo atsogoleri ena ankayankhula za chiwawa. Koma silinapeze umboni wa chiwembu chokonzedwa bwino chopha anthu monga mmene boma linkanenera, ndipo linati Dr Banda sanali m'chiwembu chotero. Linadzudzula nkhanza pomanga anthu, kutentha nyumba ndi kulanda katundu, ndipo linati Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ngakhale kwa kanthawi. Boma la Harold Macmillan linakana mfundo zambiri za lipotilo. Komabe pa 1 Epulo 1960 linamasula Dr Banda, mu 1963 chitaganya chinatha, ndipo pa 6 Julayi 1964 tinalandira ufulu. Mfuti zimene zinabwera kudzalimbitsa chitaganya ndi zomwezo zinachifulumizitsa kugwa.

Munthu akanaganiza kuti amene anatulutsidwa m'nyumba ali m'zovala zogonera sadzalola kuti mnzake achitidwe zotero. Sizinatero. Boma latsopano linasunga malamulo otsekera anthu popanda mlandu amene atsamunda anasiya, ndipo linawawonjezera mphamvu pambuyo pa kugawanika kwa nduna mu 1964. Apolisi a Special Branch ndi a Malawi Young Pioneers ankafika pakhomo nthawi ina iliyonse. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, anathamangitsidwa m'nyumba zawo chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Mlembi Jack Mapanje anamangidwa ku Zomba pa 25 Sepitembala 1987 ndipo anakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osauzidwa mlandu wake kukhoti. Chida chake chinali cholembera. Ngakhale ogogodawo sanapulumuke. Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani, ndi Focus Gwede, mkulu wa Special Branch, amene anatumiza anthu ambiri kundende, anamangidwa iwo eni mu 1976, ndipo Muwalo ananyongedwa chaka chotsatira. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chaka cha 1992 ndimachikumbukira ndi maso a mwana wa ku pulayimale. Kalata ya maepisikopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi, boma n'kulamula kuti kupezeka nayo ndi mlandu. M'miyezi yotsatira apolisi anayamba kusecha maofesi a mu Blantyre kufuna makina ochulukitsira mapepala ndi a fakisi, ndipo makalaliki ndi olemba pa taipi ambiri anatengedwa. Malume anga, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki m'tauni, anabwera usiku wina kwathu ku Ndirande ndi timapepala m'masokosi. Amayi anatitentha pa mbaula n'kuthira phulusa lake kuchimbudzi. Kwa masabata angapo galimoto ikangoima pafupi ndi nyumba usiku, tonse tinkadzuka n'kukhala chete. Palibe amene anabwera, koma mantha anagwira ntchito yawo yonse. Apa m'pamene ndinaphunzira kuti kufika ndi mfuti pakhomo limodzi kumalanga mudzi wonse.

Anthu amene analemba malamulo oyendetsera dziko a 1994 ankazidziwa zimenezi, pakuti ena a iwo anali atalawako ndende. N'chifukwa chake gawo 21 limateteza munthu kuti asasechedwe chisawawa m'thupi, m'nyumba kapena pa katundu wake, komanso kuti makalata ndi mauthenga ake asasokonezedwe. Gawo 19 limateteza ulemu wa munthu, ndipo gawo 42 limati womangidwa auzidwe chifukwa chake ndi kukaonekera kukhoti pasanathe maola 48. M'zaka zomwezo tinakhazikitsa mabungwe atsopano ofufuza milandu ya ndalama: bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB kudzera m'lamulo la 1995, ndi bungwe lotolera misonkho la MRA limene linayamba ntchito mu 2000 ndipo likulu lake lili ku Msonkho House mu Blantyre. Ntchito ya mabungwe otere ndi ya mabuku, malisiti ndi maakaunti a kubanki.

Koma chizolowezi chakale sichifa ndi kusintha kwa malamulo. Mu Januwale 2017 akuluakulu a MRA, limodzi ndi apolisi onyamula mfuti, anatseka maofesi a kampani ya Times ku Ginnery Corner pa nkhani ya misonkho. MRA inati inkangotsata lamulo monga imachitira ndi wina aliyense wa ngongole. Atolankhani anati nthawi yake inali yokayikitsa, chifukwa nyuzi za kampaniyo zinali kalikiliki kulemba za chimanga chimene boma linagula ku Zambia. Khoti linalamula kuti maofesiwo atsegulidwe. Mu Epulo 2022 mtolankhani Gregory Gondwe anagwidwa mu Blantyre, apolisi n'kumulanda kompyuta ndi foni pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata china cha boma.

Nkhani imene inagwedeza dziko kwambiri ndi ya pa 6 Disembala 2022. M'bandakucha wa tsikulo apolisi a mfuti anazinga nyumba ya Martha Chizuma, amene panthawiyo anali mkulu wa ACB, ku Lilongwe, n'kupita naye kupolisi ya Namitete. Nkhani yake inali ya mawu amene anayankhula pa foni ndi munthu wina, amene anawajambula n'kuwafalitsa, ndipo wodandaula anali Steven Kayuni, mkulu wozenga milandu ya boma. Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anakhazikitsa komiti yofufuza yotsogozedwa ndi woweruza wopuma Edward Twea. Komitiyo inati panali zifukwa zomukayikira Chizuma pa mawu akewo, koma inapezanso kuti mphamvu zimene apolisi anaonetsa zinaposa msinkhu wa nkhaniyo. Kayuni anachotsedwa pa udindo mu Januwale 2023, ndipo mwezi wotsatira milandu ya Chizuma inathetsedwa. Zaka 63 zinali zitadutsa kuchokera pa Operation Sunrise, koma ola lake linali lomwelo ndipo kachitidwe kake kanali komweko. Taonani kuti zitsanzo zimenezi zachitika pansi pa maboma osiyanasiyana. Vutoli silili m'chipani chimodzi.

Mtsutso umenewu si wathu tokha. Ku United States, mu 2011, apolisi a boma lalikulu onyamula mfuti analowa m'mafakitale a kampani yopanga magitala ya Gibson ku Nashville ndi ku Memphis, pofufuza ngati matabwa amene inkaitanitsa kunja anali ololedwa. Ogwira ntchito anatulutsidwa panja ngati kuti m'katimo muli zigawenga. Nkhaniyo inatha mu 2012 kampaniyo itavomera kulipira chindapusa cha madola 300,000, ndipo anthu a kumeneko anatsutsana kwa nthawi yaitali ngati mlandu wa matabwa unkafunika mfuti.

Tsono tiyeni timvenso mbali ya apolisi, pakuti nawonso ali ndi mfundo. Choyamba, munthu ukamuchenjeza kuti ukubwera amatentha mapepala, amafufuta za m'kompyuta, amasamutsa ndalama. Pa nthawi ya Cashgate mu 2013 ndalama zankhaninkhani zinkapezeka m'magalimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma, ndipo zikanasowa ofufuza akanayamba atumiza kalata. Chachiwiri, mlandu wa ndalama ukhoza kukhala ndi magazi kumbuyo kwake. Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti, anawomberedwa mu Sepitembala 2013. Issa Njauju, mmodzi wa akuluakulu a ACB, anaphedwa mu Julayi 2015. Wapolisi amene akupita kunyumba ya munthu wa ndalama, yokhala ndi mpanda, agalu ndi alonda, naye ali ndi ana amene akumudikira kwawo.

Mfundo zimenezi ndi zoona, koma zikutiuza zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzisiyanitsa. Kufika mwadzidzidzi ndi nkhani ina, kufika ndi gulu la mfuti usiku ndi nkhani inanso. Ofufuza atatu okhala ndi chikalata cha khoti angathe kufika pa ofesi 8 koloko m'mawa osachenjeza, n'kutenga mabuku onse amene akufuna. Ngati pali umboni woti mwini nyumba ali ndi zida kapena anaopsezapo munthu, umboniwo ulembedwe, mkulu asayine, ndipo mfuti zipite. Ngati palibe, munthu amene ali ndi nyumba yodziwika, ntchito yodziwika ndi loya wodziwika angathe kuitanidwa ndi samani. Malamulo athu a kazengedwe ka milandu amalola zimenezi, ndipo ambiri oitanidwa amapita okha. Mlandu suwola.

Ine ndagwira ntchito m'boma zaka pafupifupi 20, ndipo ndikudziwa kuti ndalama ya boma, ngakhale yogulira mapepala a mu ofesi, situluka popanda fomu yosayinidwa ndi anthu awiri kapena atatu. Ndimadabwa kuti chinthu choopsa ngati kutumiza mfuti pakhomo la munthu chimachitika, kenako akuluakulu onse n'kumanena kuti sankadziwa. Lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa komiti yoima payokha yolandira madandaulo okhudza apolisi, koma panatenga zaka pafupifupi 10 kuti iyambe ntchito. Komiti yotere iyenera kupatsidwa ndalama zokwanira, ndipo nthawi iliyonse apolisi akapita ndi mfuti pa mlandu wopanda chiwawa, pakhale lipoti lonena amene analamula, chifukwa chake, ola lake ndi chiwerengero cha amene anapita. Aphungu a Nyumba ya Malamulo azitha kuliona.

Ena adzati ndikuteteza mbava zovala masuti pamene wakuba nkhuku ku Bangwe amakwapulidwa popanda womulembera nkhani. N'zoona kuti mavenda a mu Limbe ndi anyamata a ku Mbayani amaiona mfuti pafupi kuposa mabwana. Koma mankhwala ake ndi kukweza ulemu wa wosaukayo kuti ufanane ndi wa bwana. Tikalola kuti mtolankhani kapena mkulu wa bungwe atengedwe usiku dziko lonse likuona, mayi wogulitsa tomato amene palibe akumudziwa adzatetezedwa ndi yani?

Abale anzanga, mbiri yathu yaonetsa katatu konse, pa nthawi ya atsamunda, ya chipani chimodzi ndi ya zipani zambiri, kuti kugogoda kwa usiku kumabala mantha ndi mkwiyo kuposa umboni, ndipo kawirikawiri mlandu wake sufika n'komwe pa chigamulo. Boma lolimba ndi limene kalata yake yokha imakwanira kuti munthu adzuke, asambe, avale bwino, n'kupita yekha kukayankha. Pa 3 Malichi, tikamaima chete kukumbukira amene anagwa ku Nkhata Bay, tikumbukirenso chitseko cha ku Limbe chija chimene chinamenyedwa ndi nkhwangwa chili chosakiya, ndipo tifunse atsogoleri athu kuti ndi liti pamene adzayambe kuyesa chogwirira asanaitanitse nkhwangwa.