Mmene Sukulu za Akatolika Zinalowera m'Buku la Boma

Abambo a Montfort anafika m'dziko muno m'caka ca 1901, nakhazikika ku Nzama, ndipo mu 1903 anatsegula Nguludi. Sukulu za m'midzi za masiku amenewo, monga za kuno ku Chileka ndi ku Lirangwe, zinali zofolera udzu. Mphunzitsi wace anali katekisti, ndipo katekisimu ndiye anali patsogolo, kuwerenga ndi masamu pambuyo.

Mu 1907 Boma linayamba kugawira mamishoni £1,000 pa caka, ndarama zocepa ndithu pa dziko lonse. Koma a Phelps-Stokes atayendera Nyasaland mu 1924, Boma linakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro mu 1926, mkulu wace R. F. Gaunt. Lamulo la 1927 linati sukulu yofuna thandizo ikhale ndi mphunzitsi wa setifiketi, ndiponso ilole kuyenderedwa.

Apa mpamene panayambira nchito yokonzekera woyendera sukulu. Makolo amaumba njerwa, ana amalambula bwalo ndi kulima dimba, mphunzitsi namalondoloza buku la maina, pakuti ana akamajomba nyengo yolima thandizo limatha kucoka. Amene anaona zowawa anali katekisti wokalamba, wodziwa kuyendetsa mudzi wonse m'mapemphero koma wopanda pepala. Ine ndiyesa lamulolo linamuweruza mofulumira.

Mamishoni anadandaula kuti sukulu zao zambiri zitsala kunja, ndipo mu 1930 Boma linakonzanso lamulolo.