Mpira wa ku Kafue: kuchokera ku Nitrogen Stars kufika ku Kafue Celtic

Mpira wa m'tauni ya Kafue unakula pamodzi ndi mafakitale. Tauniyi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kummwera kwa Lusaka, ndipo poyamba inkadziwika ndi sitesheni ya sitima ndi mlatho wa njanji wa pa mtsinje wa Kafue, umene unamangidwa mu 1906. Zambia italandira ufulu mu 1964, boma la Kenneth Kaunda linasankha malowa kuti akhale a mafakitale. Kudzera mu bungwe la INDECO, linakhazikitsa kampani yowomba nsalu ya Kafue Textiles of Zambia ndi ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba kupanga feteleza mu 1970. Antchito ankafunika pogona, choncho anawamangira dera latsopano la Kafue Estates.

Masiku amenewo kampani yaikulu sinkangolipira malipiro basi. Inkapereka nyumba, chithandizo cha mankhwala ndi masewera, monga ankachitira makampani a migodi ku Copperbelt. Timu ya Nitrogen Stars inabadwa m'njira imeneyi, ndipo dzina lake lokha likunena amene ankaidyetsa. Wosewera wa timu ya kampani kawirikawiri ankakhalanso wantchito: mpira unkamupezetsa ntchito, ntchito nkumupezetsa nyumba. Mayunifomu, nsapato ndi basi yopita kumasewera akutali zonse zinkachokera m'thumba la kampani, moti panalibe amene ankafunsa ngati ndalama za pageti zikukwanira.

Mphamvu ya dongosololi inalinso kufooka kwake. Chuma cha dziko chitayamba kugwa chifukwa cha kutsika kwa mtengo wa kopa, ndiponso boma la Frederick Chiluba litatsegula misika pambuyo pa 1991, mafakitale a boma anavutika. Nsalu zakunja ndi salaula zinadzaza misika, Kafue Textiles inafooka mpaka kutsekedwa, ndipo Nitrogen Chemicals inakhala zaka zambiri ikugwira ntchito mwa apo ndi apo, antchito akudandaula za malipiro ochedwa. Kampani imene ikulephera kulipira anthu ake siganiza za mpira. Ana a m'madera a tauniyi monga Estates, Shikoswe ndi Zambia Compound sanaleke kusewera, koma njira yochoka pa bwalo lafumbi kukafika pa ntchito yodalirika inatsekeka.

Mpata umenewu ndi umene Kafue Celtic inadzalowamo. Timuyi si ya fakitale kapena ya asilikali, monga alili matimu ambiri akuluakulu a m'Zambia. Mwini wake ndi Lee Kawanu, munthu wabizinesi. Zaka zambiri yakhala ikusewera m'magulu apansi a ligi ya Football Association of Zambia (FAZ), ndipo ntchito imene inadzisankhira ndi yofufuza anyamata aluso, kuwaphunzitsa, kuwabwereketsa ku matimu a Super League kuti akhwime, kenako nkuwagulitsa kunja.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi Patson Daka. Iye anabadwa mu 1998, anakulira ku Kafue, ndipo bambo ake anasewerapo mu Nitrogen Stars, kotero kuti m'banja limodzi muli nyengo zonse ziwiri za mpira wa tauniyi. Luso lake linaonekera pa mpikisano wa achinyamata wa Airtel Rising Stars, ndipo Celtic itamutenga inamubwereketsa ku Power Dynamos ya ku Kitwe. Enock Mwepu, wosewera pakati amene ochemerera anamupatsa dzina loti Computer, anachokera ku Chambishi nadutsa njira yomweyo, iye nkubwereketsedwa ku NAPSA Stars.

Chaka cha 2017 ndicho chinasintha mbiri ya timuyi. Zambia inachititsa mpikisano wa mu Africa wa osapitirira zaka 20, ndipo anyamata a mphunzitsi Beston Chambeshi anatenga chikho atagonjetsa Senegal 2-0 pa bwalo la National Heroes ku Lusaka, Daka akugoletsa chimodzi mwa zigolizo. Chaka chomwecho anakafika mu ndime ya matimu asanu ndi atatu pa chikho cha dziko lonse ku South Korea. Daka ndi Mwepu onse anapita ku Red Bull Salzburg ya ku Austria, mothandizidwa ndi kampani ya Frédéric Kanouté, katswiri wakale wa dziko la Mali amene tsopano amayang'anira osewera. Mu 2021 Daka anagulidwa ndi Leicester City, Mwepu ndi Brighton. Mwepu anasiya mpira mu Okutobala 2022, ali ndi zaka 24 zokha, madokotala atamupeza ndi vuto la mtima lakumtundu.

Kugulitsa kotereku kumapindulitsa timu yaing'ono koposa kamodzi. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina, magawo 5 pa 100 alionse a mtengo wake agawidwe kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 mpaka 23. Motero ndalama zolipidwa ku England zimatha kufika ku timu ya ku Kafue patapita zaka mnyamatayo atachoka. Koma lamuloli limathandiza timu yokhayo imene inalembetsa ana ake bwinobwino ku FAZ, ndipo apa ndi pamene matimu ambiri a m'makomboni amatayira mwayi.

Pa ligi penipeni mbiri ya Celtic ndi yochepa. Mu 2021 inakwera kulowa mu Super League kuchokera mu National Division One, koma inatsika pakutha pa nyengo yomweyo ya 2021/22. Izi sizodabwitsa kwenikweni: timu imene imagulitsa osewera ake abwino akangokhwima imakumana ndi matimu akuluakulu monga ZESCO United kapena Red Arrows ili ndi anyamata amene akuphunzira kumene. Ntchito yotumiza osewera kunja sinathere pa Daka ndi Mwepu, ndipo mng'ono wake wa Mwepu, Francisco, nayenso anachoka ku Celtic kupita ku Sturm Graz ya ku Austria mu 2020.