Lendi ndi Mantha a Kusamutsidwa: Kuchokera pa Thangata Kufika Lero

Nditatumizidwa kudzagwira ntchito pa boma la Neno, nyumba yoyamba imene ndinapeza inali ya mayi wina wamasiye. Mwezi wina malipiro atachedwa, mayiwo anandilawirira m'mamawa nakhala pakhonde. "Bambo, sindikufuna kukutulutsani," anatero, "koma mwana wanga amubweza kusukulu chifukwa cha fizi." Ine ndinkaopa kuona katundu wanga ali pabwalo, pamene iwo ankaopa kuti mwana wawo asiya sukulu. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti lendi ikavuta, amene amasowa tulo si wobwereka nyumba yekha.

Mantha amenewa sanayambe lero. Kungowoloka mtsinje wa Shire pa Zalewa, munthu amalowa m'dera limene makolo athu anazunzika ndi lendi ya mtundu wina yotchedwa thangata. Kuyambira m'chaka cha 1892, Harry Johnston anayamba kupereka kwa azungu zikalata zotsimikiza umwini wa malo akuluakulu ku Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje. Zambiri mwa zikalatazo zinkanena kuti midzi imene inalipo kale isasokonezedwe, koma posakhalitsa lonjezoli linaiwalika. Anthu, makamaka Alomwe amene ankachokera ku Mozambique, anayamba kulipira malo okhala pogwira ntchito m'minda ya azungu. Mwezi wa thangata unkatalikitsidwa mmene mwini esiteti wafunira, ndipo wokana ankathamangitsidwa. Nkhanza zotere pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero ndi zina mwa zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe mu Januwale 1915.

M'chaka cha 1928 boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo lofuna kukonza zinthu. Munthu tsopano ankatha kulipira lendi ndi ndalama, mbewu kapena ntchito, ndipo m'malo ambiri lendiyo inali paundi imodzi pachaka. Komabe lamulo lomwelo linapatsa eni malo mphamvu yothamangitsa banja limodzi mwa mabanja 10 alionse pakatha zaka 5, popanda kupereka chifukwa. Mnyamata akakwanitsa zaka 16 ankatha kuchotsedwa pamalo pamene anabadwira, ndipo mkamwini ankatha kukanizidwa kumanga nyumba kwa mkazi wake. Kwa anthu a chikamwini, uku kunali kupasula mudzi.

Chimene ambiri timaiwala ndi chakuti eni malowo nawonso anakodwa mumsampha wawo womwe. M'zaka za m'ma 1930 malonda anagwa pa dziko lonse, mitengo ya mbewu inatsika, ndipo maesiteti ambiri analibe ntchito yoti apatse anthu awo. Munthu wopanda ntchito akanaitenga kuti paundi? Ngongole za lendi zinaunjikana, ndipo kuthamangitsa anthu sikunabweretse ndalama m'thumba la mwini malo. M'chaka cha 1943 mabanja ambiri m'boma la Blantyre anakana kusamuka chifukwa analibe kolowera. Sir Sidney Abrahams, amene anafufuza nkhani ya malo mu 1946, analangiza boma kuti ligule malo kwa eni maesiteti ndi kukhazikapo anthu. Ntchitoyi inayenda mwa kamba. Mu Ogasiti 1953, lendi itakwera ndipo kampani ya British Central Africa itapereka makalata osamutsa anthu, ku Thyolo kunabuka zipolowe zimene zinaphetsa anthu 11. Thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962, ufulu wodzilamulira uli pafupi.

Lero ku Neno kulibe mzungu wotolera thangata. Chiyambire 2003, pamene Neno anapatulidwa ku Mwanza nakhala boma palokha, ogwira ntchito m'boma akhala akuchuluka. Kubwera kwa bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo mu 2007 kunawonjezera ofuna nyumba. Amene anamanga nyumba zobwereketsa ndi anzathu omwe: aphunzitsi opuma ntchito, amayi amasiye, alimi a mbatata ya kachewere ndi manachesi. Ena anamangira ngongole, ndipo lendi ya mwezi umodzi ikaphonyeka, ngongoleyo sidikira.

Choncho tisawafanizire ndi eni maesiteti aja, amene anatenga malo a eni dziko. Koma phunziro la mbiriyi likuwakhudza iwo ndi ife tomwe. Lendi ikaposa zimene munthu amapeza, kumutulutsa sikuchiza nthenda. Wolowamo mawa adzakhala ndi thumba lofanana ndi la wotuluka. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mayi aja ndi ine tinagwirizana kuti ndipereke theka tsiku lomwelo, lotsalalo malipiro akatuluka. Tinalemberana pakapepala, aliyense nasunga kake. Mwana anabwerera kusukulu, ndipo ine ndinakhala m'nyumbamo kufikira pamene ndinamanga yanga.