Anamwino a ukadaulo wapamwamba: mbiri, maphunziro ndi ntchito yawo

Namwino wa ukadaulo wapamwamba ndi namwino amene, atatsiriza maphunziro oyamba a unamwino, amapitiriza sukulu mpaka kuloledwa ndi lamulo kuyeza wodwala, kupeza chomwe chikumuvuta, kutumiza magazi ku labotale ndi kulemba mankhwala. Kale ntchito zimenezi zinali za madotolo okha. Ku America, komwe udindowu unakhazikika, namwino wotere amatchedwa nurse practitioner, ndipo ambiri amaphunzira kupereka thandizo loyambirira la chipatala, lomwe limasowa kwambiri kumidzi ndi m'madera osauka a m'mizinda.

Chiyambi chake

M'chaka cha 1925, Mary Breckinridge anakhazikitsa bungwe la Frontier Nursing Service m'mapiri a chigawo cha Kentucky, komwe kunalibe misewu yabwino ndipo madotolo anali ochepa. Anamwino ake, amenenso anali azamba, ankayenda pa akavalo kukathandiza amayi oyembekezera ndi mabanja awo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba mu 1939, azamba ambiri ochokera ku Britain anabwerera kwawo, ndipo bungweli linatsegula sukulu yakeyake m'tauni ya Hyden.

Maphunziro oyamba a nurse practitioner anayamba mu 1965 pa University of Colorado, motsogozedwa ndi namwino Loretta Ford ndi dotolo wa ana Henry Silver. Ford anali atagwirapo ntchito kumidzi ya Colorado, komwe anaona ana akukula osaonedwa ndi dotolo. Chaka chomwecho boma la America linayambitsa Medicare ndi Medicaid, ndondomeko zolipirira thandizo la chipatala kwa okalamba ndi osauka. Odwala anachuluka m'zipatala pamene madotolo ambiri ankakhamukira m'mizinda. Mu 1977, lamulo la Rural Health Clinic Services Act linalola kuti zipatala za kumidzi zizilandira ndalama za boma pa ntchito ya anamwinowa.

Maphunziro ake

Wofuna ntchitoyi amayamba wakhala ndi digiri yoyamba ya unamwino ndi chiphaso chogwirira ntchito. Kenaka amachita digiri yachiwiri, kawirikawiri ya zaka 2 kapena 3, ndipo ena amapitirira mpaka ya udokotala wa unamwino. Maphunziro ofunika kwambiri alipo atatu: momwe matenda amasokonezera thupi, momwe mankhwala amagwirira ntchito, ndi luso loyeza wodwala. Wophunzira amathanso maola osachepera 500 akuona odwala moyang'aniridwa ndi katswiri, asanalembe mayeso omuvomereza.

Vuto lalikulu ndi lakuti munthu akapita kukaphunzira mumzinda, nthawi zambiri sabwerera kumudzi. Pofuna kuthana nalo, mu 1989 sukulu ya Frontier inayamba kuphunzitsa azamba ali kwawo, akuchita zoyeserera pa chipatala cha m'dera lawo. Lero sukulu zambiri zimatero kudzera pa intaneti. Boma nalo, kudzera ku National Health Service Corps, limathandiza kubweza ngongole ya sukulu ya amene avomera kukagwira ntchito kumadera osowa thandizo.

Umboni ndi mtsutso

Kafukufuku amene anatsogoleredwa ndi Mary Mundinger ku New York, yemwe anasindikizidwa mu 2000, anagawa odwala 1,316 pakati pa madotolo ndi anamwinowa. Patatha miyezi 6, thanzi la magulu awiriwo silinasiyane kwenikweni. Komabe bungwe la madotolo la American Medical Association limatsutsa zoti anamwino azigwira ntchito popanda dotolo wowayang'anira, ponena kuti dotolo amaphunzira zaka zambiri kuposa iwo. Zigawo za America zoposa theka zimawalola kugwira ntchito paokha, pamene zina zimafuna kuti akhale pa mgwirizano ndi dotolo.

Ku Africa

Dziko la Botswana linali limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kuphunzitsa anamwino otere osamalira banja lonse, m'zaka za m'ma 1980. Ku South Africa, kuyambira mu 2010 anamwino ophunzitsidwa bwino anapatsidwa mphamvu zoyambitsa odwala pa mankhwala a ma ARV, zomwe zinafikitsa thandizoli ku zipatala zing'onozing'ono.

Malawi anatsata njira ina. Kuno mpata wa madotolo unadzazidwa makamaka ndi ma clinical officer ndi ma medical assistant, ngakhale anamwino nawo amayambitsa ma ARV, kuchiritsa amayi ndi kuyendetsa sikelo. Kamuzu University of Health Sciences imapereka digiri yachiwiri m'nthambi monga uzamba ndi unamwino wa ana, ndipo Nurses and Midwives Council of Malawi ndiyo imalembetsa anamwino ndi kuika malire a ntchito yawo.

Bungwe la International Council of Nurses, m'malangizo ake a 2020, linati digiri yachiwiri ndiyo poyambira pa udindowu. Zimene maiko ena adutsamo zikuonetsa kuti digiri payokha siyikwanira. Pamafunika lamulo lofotokoza mankhwala amene namwino angalembe, malipiro ogwirizana ndi udindo wake, mankhwala m'mashelefu, ndiponso njira yodalirika yotumizira wodwala ku chipatala chachikulu matenda akaposa luso lake.