Chimene Chimalimbitsa Munthu pa Ntchito

Kuyambira kale eni ntchito akhala akufunsa kuti: kodi n'chiyani chimene chimachititsa munthu kugwira ntchito ndi mtima wonse? Funso limeneli linakula pamene mafakitale aakulu anachuluka m'dziko la America, pakuti bwana mmodzi anali kulemba antchito zikwizikwi amene sanawadziwe ngakhale maina awo. Anthu ophunzira anayesa kuliyankha, koma mayankho awo sanafanane.

Woyamba anali Frederick Taylor, amene anabadwa m'chaka cha 1856. Iyeyu analowa ntchito pa fakitale ya zitsulo ya Midvale ku Philadelphia mu 1878, ndipo pambuyo pake anakhala kapitawo. Kumeneko anaona kuti anzake anali kuchita chizengereze mwadala, poopa kuti akafulumira bwana adzatsitsa mtengo wa ntchitoyo. Taylor anakhulupirira kuti chimene chimalimbitsa munthu ndi ndalama. Tsono anatenga wotchi, nayesa nthawi ya ntchito iliyonse, naika muyeso wa tsiku. Wofika pa muyesowo analandira malipiro ochuluka.

M'buku lake la mu 1911 anasimba za amuna okweza zitsulo m'ngolo za sitima pa kampani ya Bethlehem Steel. Iye anati munthu amene kale anali kukweza matani 12 ndi theka pa tsiku anafika pa matani 47 ndi theka, ndipo malipiro ake anachoka pa $1.15 kufika pa $1.85. Motero ntchito inachuluka pafupifupi kanayi, koma malipiro sanafike ngakhale kawiri. Antchito ambiri anaida wotchiyo, ndipo chaka chomwecho ena ananyanyala ntchito pa fakitale ya boma ya zida zankhondo ku Watertown chifukwa cha iyo.

Komabe mphamvu ya ndalama inaonekadi kwa Henry Ford, wopanga magalimoto. Mu 1913 antchito ake anali kuthawa kawirikawiri, chifukwa munthu anali kumanga chitsulo chimodzimodzi kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Mu January 1914 Ford anakweza malipiro kufika $5 pa tsiku, ndiko kuposa kawiri malipiro akale, ndipo othawa anachepa ndithu.

Yankho lachiwiri linachokera ku fakitale ya Hawthorne, pafupi ndi Chicago, kumene kampani ya Western Electric inali kupanga zipangizo za lamya. Mu 1924 anayamba kuyesa ngati kuwala kwa nyali kumathandiza ntchito. Ataonjezera kuwala ntchito inakwera, koma atakuchepetsa sinatsike monga anayembekezera. Mu 1927 anapatula akazi asanu, nawaika m'chipinda chawochawo. Anawapatsa nthawi yopuma, anawafupikitsira maola, ndiponso anali kuwafunsa maganizo awo. Ntchito inakwera, ndipo ngakhale pamene anawachotsera nthawi yopumayo, ntchito ya pa sabata sinatsike.

Elton Mayo, munthu wa ku Australia amene anali kuphunzitsa ku Harvard, anamasulira zimenezi mu 1933. Iye anati akaziwo analimbika chifukwa anaona kuti akuyesedwa anthu, ndiponso anasanduka kagulu kogwirizana. M'chipinda china munali amuna 14 amene anadziikira okha muyeso wa tsiku. Mnzawo akapitirira muyesowo anali kumunyoza ndi kumumenya pamkono, ngakhale kuti kufulumira kukanaonjezera malipiro a onse. Pamenepo mawu a anzake anali olemera koposa ndalama.

Koma mu 1967 Alex Carey anatsutsa kumasulira kwa Mayo. Anakumbutsa kuti akazi aja anawasinthiranso kalipiridwe, kotero kuti khama la munthu aliyense linali kuoneka msanga m'thumba mwake. Anatinso awiri mwa iwo anachotsedwa mu 1928, nalowa ena ofulumira m'malo mwawo. Choncho ndalama ndi mantha zinali momwemo.

Yankho lachitatu linali la Frederick Herzberg. Mu 1959 iye ndi anzake analemba zimene anapeza atafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 ku Pittsburgh. Aliyense anamupempha kuti asimbe nthawi imene anakondwa pa ntchito ndi nthawi imene anakhumudwa. Pokamba zokhumudwitsa, anthuwo anatchula malamulo a kampani, oyang'anira ouma mtima, malo oipa ndi malipiro. Pokamba zokondweretsa, anatchula kutsiriza ntchito yovuta, kuyamikidwa ndi kupatsidwa udindo. Herzberg anati zimenezi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuchotsa zodandaulitsa kuli ngati kupalira m'munda: kumateteza mbewu, koma wopalira munda wosabzala sakolola kanthu. Otsutsa anayankha kuti anthu amene anafunsidwawo sanali osauka, ndiponso kuti munthu amakonda kudzitama pa zabwino ndi kuloza ena pa zoipa.

Maganizo atatuwa akaikidwa pamodzi, aliyense waona mbali yake. Taylor anayang'ana thumba la wantchito, Mayo anayang'ana anzake omuzungulira, ndipo Herzberg anayang'ana ntchito yeniyeniyo. Munthu amene ana ake agona ndi njala sangakhute mawu oyamikira. Malipiro okwanira ndiwo ayenera kutsogola. Koma malipiro amangofikitsa munthu pakhomo la fakitale m'mawa, osamuphunzitsa kusamala chitsulo chimene bwana sadzachiyang'ana. Akale anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kapitawo wanzeru amalipira antchito ake mokhulupirika ndi pa tsiku lake, amamvera madandaulo awo asanakule, ndipo wodziwa ntchito amamusiyira mbali yake kuti aitsirize yekha.