Mbiri ya Maphunziro Ozindikira Matenda a M'maganizo

Wodwala malungo amayezedwa magazi, zotsatira n'kutuluka tsiku lomwelo. Matenda ambiri a m'maganizo alibe chipangizo choyezera chotero. Dokotala amawazindikira pomvetsera zimene wodwala akunena, poona khalidwe lake ndiponso pofunsa achibale ake. Luso limeneli, lomwe lero limaphunzitsidwa m'mayunivesite, latenga zaka zoposa 200 kuti lifike pamene lili.

Kale ku Ulaya odwala misala ankatsekeredwa m'nyumba zosasiyana ndi ndende, ena atamangidwa maunyolo. Mu 1793 dokotala wa ku France, Philippe Pinel, anayamba ntchito pa chipatala cha Bicêtre ku Paris. Kumeneko anapeza woyang'anira odwala, Jean-Baptiste Pussin, yemwe ankawasamala mwaulemu, ndipo awiriwa anathandiza kuti maunyolo achotsedwe. Pinel ankacheza ndi odwala n'kumalemba mbiri ya aliyense. Izi zinathandiza madokotala kuona kuti zonse zimene anthu ankangozitcha misala ndi matenda osiyanasiyana.

Amene anaika maziko a zomwe ophunzira amawerenga lero ndi Emil Kraepelin wa ku Germany. Ali pa yunivesite ya Heidelberg, ankalemba za wodwala aliyense pa kakhadi: mmene matenda anayambira, mmene anayendera ndi kumene anathera. Atasanthula makhadiwo kwa zaka zambiri, mu 1899 anagawa misala ikuluikulu m'magulu awiri. Gulu loyamba linali la matenda oyamba munthu akadali wachinyamata ndi kufooketsa maganizo ake pang'onopang'ono. Lachiwiri linali la matenda obwera ndi kupita, amene munthu nthawi ina amasangalala mopitirira muyeso, nthawi ina n'kukhumudwa kwambiri, pakati pake ali bwinobwino. Mu 1908 Eugen Bleuler wa ku Zurich anatcha gulu loyamba lija schizophrenia, ndipo anaona kuti si odwala onse amene amafookeratu. Gulu lachiwiri ndi limene munatuluka matenda omwe lero amatchedwa bipolar.

Chaka cha 1913 chinabweretsa zinthu ziwiri zazikulu. Hideyo Noguchi wa ku Japan anapeza tizilombo ta chindoko mu ubongo wa anthu omwe anafa ndi mtundu wina wa misala, umboni wakuti misala ina gwero lake ndi matenda a m'thupi. Chaka chomwecho Karl Jaspers, ali ku Heidelberg, anatulutsa buku lophunzitsa kuti dokotala afotokoze mosamala zimene wodwala akumva mkati mwake asanathamangire kutchula dzina la matenda. Wodwala akati akumva mawu, dokotala afunse: mawuwo akuchokera kunja kapena m'mutu, ndi a anthu angati, akulankhula naye kapena akumunena?

Mankhwala atayamba kupezeka, kuzindikira matenda molondola kunafunika koposa kale. Mu 1949 John Cade wa ku Australia anaonetsa kuti lithium imakhazika mtima pansi odwala osangalala mopitirira muyeso, ndipo mu 1952 madokotala a ku Paris anayamba kugwiritsa ntchito chlorpromazine. Kulakwitsa dzina la matenda kunayamba kutanthauza kupereka mankhwala olakwika. Bungwe la WHO linali litaika kale matenda a m'maganizo mu mndandanda wake wa matenda wotchedwa ICD mu 1948, ndipo madokotala a ku America anatulutsa buku lawo la DSM mu 1952.

Komabe madokotala sankagwirizana. Kafukufuku woyerekeza zipatala za ku New York ndi za ku London, amene anasindikizidwa mu 1972, anapeza kuti odwala ofanana ankatchedwa a schizophrenia kawirikawiri ku America kusiyana ndi ku Britain. Mavuto otere ndi amene anachititsa kuti mu 1980 patuluke DSM yachitatu, motsogozedwa ndi Robert Spitzer. Bukuli linaika zizindikiro zowerengeka pa matenda aliwonse. Mwachitsanzo, lero kuti dokotala anene kuti munthu ali ndi matenda a kukhumudwa, payenera kupezeka zizindikiro zosachepera 5 mwa 9, zomwe zakhalapo kwa milungu iwiri. DSM yachisanu inatuluka mu 2013, ndipo ICD-11 inayamba kugwira ntchito mu 2022.

Ku Africa maphunzirowa anafika ndi atsamunda, atasakanikirana ndi tsankho. Dokotala J.C. Carothers, yemwe ankagwira ntchito ku Kenya, ankaphunzitsa kuti matenda a kukhumudwa ndi osowa pakati pa anthu akuda. Amene anatsutsa maganizo otere ndi Thomas Adeoye Lambo wa ku Nigeria. Mu 1954 anayambitsa njira yosamalira odwala m'midzi ya ku Aro, pafupi ndi Abeokuta, kumene wodwala ankakhala ndi wachibale wake, ndipo asing'anga ankathandizana ndi madokotala. Kafukufuku amene anachita ndi anzake pakati pa Ayoruba anasonyeza kuti nkhawa ndi kukhumudwa zilipo zambiri.

Kuno ku Malawi, odwala misala anayamba kusungidwa mu 1910 pa malo amene anali pansi pa ulamuliro wa ndende ya Zomba, ndipo chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Lero akatswiri a matendawa akuphunzitsidwa m'dziko momwemuno, pa Kamuzu University of Health Sciences ndi pa St John of God ku Mzuzu.

Mbiriyi ikutiphunzitsa kuti mabuku aja analembedwa ndi anthu amene anakhala pansi n'kumvetsera odwala, ndipo amakonzedwa nthawi iliyonse umboni watsopano ukapezeka. Mayi wobwera ku chipatala chaching'ono kumudzi angadandaule za mutu, kusowa tulo ndi kuganiza kwambiri, pamene achibale ake akukhulupirira kuti analodzedwa. Wophunzira amene analoweza DSM yonse koma sadziwa kumufunsa mayiyo m'chilankhulo chake adzangomupatsa panado n'kumubweza kunyumba. Choncho inu amene muli pa maphunzirowa, werengani mabuku mwakhama, koma nthawi yochuluka muzikhala ndi odwala ndi achibale awo, ndipo muzilemba zimene mukupeza, chifukwa ophunzira obwera pambuyo panu adzafuna umboni wochokera kwa odwala a kuno kwathu.